Makapu Asanu ndi Awiri ndi Khosi la Nangozo

Munthu wina analipo, mmisiri wa matabwa, dzina lake Chidothi. Anagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi pa kachisi wa Abuda kunja kwa tauni. Ankakhoma zitseko, kukonza mabenchi, ndi kusintha mitengo ya denga imene chiswe chadya. Poyamba kuimba kwa amonke, atsogoleri odzipatula a pakachisipo, ankangokumvera ali pamwamba pa makwerero, misomali ili kukamwa. Kenako anayamba kutsika msanga kuti akakhale kumbuyo kwenikweni, amve zimene akuphunzitsa. M'chaka chachisanu ndi chimodzi anagwada pamaso pa mmonke wamkulu, nanena kuti akuthawira kwa Buda, ku chiphunzitso chake, ndi ku gulu la oyenda m'njirayo. Analandiranso malonjezo asanu a munthu wapabanja: kusapha chamoyo, kusatenga chimene sanapatsidwe, kusachita chigololo, kusanama, ndi kusaledzera. Lomalizali linamuvuta miyezi ingapo, koma analikwanitsa.

Mawondo atayamba kukana makwerero, anatsanzika kuti akubwerera kumudzi. Amonke anamupatsa kachiboliboli ka Buda, kotalika ngati chimanga chimodzi, ndi timabuku tiwiri. Kumudziko kunali mkazi wake, Nangozo, mayi wa kwaya kutchalitchi kwawo, amene anakhala naye pabanja zaka makumi atatu. Nangozo sanakangane naye za chipembedzo. Anangoti ngati kachiboliboliko ndiko kanamusiyitsa mowa, kalowe m'nyumba ndipo kakhale pabwino.

Apa m'pamene mmisiri uja anaganiza zokonza mwambo wake wa tsiku ndi tsiku, kuti zimene anaphunzira zisatsale kutauni. Mmisiri saiwala muyeso wa chinthu chimene anachiona. Choncho Chidothi anatenga zonse za kukachisi n'kuzilowetsa m'chipinda chimodzi cha nyumba yake. Anapala thabwa la mbawa mpaka linayamba kuwala, nalipachika kukhoma ngati shelefu. Pamwamba anaika kachiboliboli. Kutsogolo kwake anandandalika makapu agalasi asanu ndi awiri operekera madzi, monga ankaonera amonke akuchita, ndipo pakati pa kapu ndi inzake ankasiya mpata wa kambewu ka mpunga, osapitirira. Panalinso maluwa ndi lubani. Pomaliza analemba ndondomeko pa katoni n'kuikhomera kuchitseko: kusamba, kuthira madzi m'makapu, kugwada, kuimba, kunena malonjezo asanu, kukhala chete ola lathunthu akutsatira mpweya wake, kuwerenga, ndi kufunira zamoyo zonse zabwino. Zonsezi zinayenera kuyamba dzuwa lisanatuluke.

Ndikuona ena mwa inu mukugwedeza mitu, mukuti munthu ndi ameneyu. Dikirani pang'ono.

Pali chinthu chimodzi chimene mmisiri uja sanayeze. Kukachisi madzi ankatuluka pa mpopi, ndipo ogwira tsache anali anthu makumi awiri. Kumudzi wogwira tsache anali mmodzi. Madzi nawo ankakhala ku mjigo, kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo pobwerako munthu ankakwera kamtunda.

Chidothi anali ataphunzira kuti chopereka chizikhala choyera, ndipo iye anatanthauzira kuti madzi ogona saloledwa. Anafunanso kusamba madzi otentha asanalowe m'chipindamo. Mungafunse kuti makapu asanu ndi awiri amatha madzi ochuluka bwanji. Satha ngakhale a pansi pa ndowa. Koma ndowa sipita yokha ku mjigo. Nangozo, amene kale ankatunga madzi dzuwa litapendeka, akucheza ndi anzake, tsopano ankadzuka tambala atangolira kachiwiri. Ankapita ulendo woyamba n'kutereka madzi osamba. Ankapita wachiwiri, wa makapu ndi wapanyumba. Ankasesa chipindacho, n'kuthyola maluwa kuseri kwa nyumba mame asanaume. Loweruka lililonse ankazira pansi pake kuti pasachite ming'alu.

Mwamunayo akakhala chete, nyumba yonse inkayenera kukhala chete. Wailesi ya Nangozo, imene m'mawa inkaimba nyimbo za kwaya, inatsekedwa pakamwa. Mtondo unkadikira. Nkhuku zikalowa m'khitchini, mayi uja anaphunzira kuzipirikitsa ndi chitenje chokha, osatulutsa mawu.

Musaganize kuti Chidothi anali munthu woipa. Ayi ndithu, ine ndikanamusankha kukhala woyandikana naye nyumba. Mwambo wake unkamusintha, ndipo mudzi wonse unkaona. Chinkhanira chikalowa m'nyumba ankachinyamula pa chipepala n'kukachisiya kutchire. Anthu okangana malire a munda ankabwera kwa iye chifukwa sankapsa mtima. M'mawa uliwonse mawu ake ankamveka ofatsa kuchokera m'chipindamo, akufunira mtendere zamoyo zonse, zapafupi ndi zakutali, zooneka ndi zosaoneka. Nangozo ankawamva mawuwo ali kukhitchini, akudzisisita khosi.

Akanakhala mwamuna wolalata, mkaziyo akanapeza poyambira. Koma munthu wofatsa ukangana naye bwanji? Tsiku lina anayesa. Anafunsa mwaulemu ngati Buda angakane madzi a dzulo, poti ali mumtsuko wovundikira bwino. Chidothi anamukhazika pansi n'kumufotokozera mokoma mtima, mwatsatanetsatane, tanthauzo la kapu iliyonse. Anafotokoza mpaka nyemba zinapserera pamoto. Nangozo sanafunsenso.

Zinayenda choncho zaka zitatu. Mwamunayo mtima wake unali m'malo, ndipo ankati moyo wabwino ndi umenewu.

Ndiye mwana wawo Ndaziona, wokwatiwa kutauni, anabereka mwana wake woyamba. Nangozo anamanga katundu kuti akamuthandize m'chikuta. Asananyamuke anadzaza mtsuko, ndowa zonse ziwiri, ndi mapoto omwe. Anapemphanso mnzake woyandikana naye nyumba, mayi wamasiye dzina lake Nasiyaya, kuti madziwo akatha azimutungirako bamboyo.

M'mawa mwake Chidothi anadzuka nthawi yake ya masiku onse. Panja panali zii, ndipo m'khitchini munalibe moto. Anasamba madzi ozizira akunjenjemera. Atalowa m'chipinda anaima pamaso pa makapu ake osadziwa chochita, chifukwa madzi onse a m'nyumbamo anali ogona. Makapuwo anawasiya opanda kanthu. Anakhala pansi kuti atsatire mpweya, koma maganizo ake ankangozungulira makapuwo.

Madzi atatha, Nasiyaya anayamba kubweretsa ndowa imodzi patsiku. Ankabwera nayo dzuwa litakwera, atamaliza zapakhomo pake. Tsiku lachitatu Chidothi anamuthokoza, kenako anafunsa mofatsa ngati sizingatheke kuti ndowayo izifika kusanache. Mayi uja anatula ndowa pakhonde, namuyang'ana, n'kuseka.

"Pepani bambo, khosi langali n'langa. Wa khosi lobwereketsa ndi Nangozo yekha."

Chidothi anaseka nawo, akuyesa kuti ndi nthabwala chabe. Masiku anapita. Maluwa anafota. Fumbi linakuta thabwa la mbawa lija. Ndondomeko imene kale inkatha m'maola awiri tsopano inkafika masana, popeza wosesa, wokoleza moto ndi wogwada anali munthu mmodzi yemweyo. Mipando imene anthu anabweretsa kuti awakonzere inangounjikana m'shedi. Iye ankadzitonthoza kuti ndi za masabata ochepa, mayi akabwera zonse zibwerera m'malo.

Sabata yachitatu, Lachinayi, foni inalira. Anali Ndaziona. Atapereka moni ndi nkhani za khanda, anauza bambo ake kuti amayi anawatengera kuchipatala, ndipo adokotala anati khosi ndi msana zatopa ndi kusenza. Ndaziona anati kutauniko mpopi uli pakhomo, chipinda chilipo, ndipo iye akufuna amayi akhale komweko mpaka kalekale. Chidothi anafunsa kuti nanga eni akewo akuti chiyani. Mwanayo anayankha kuti sakukana, ndipo abwera Loweruka la sabata yamawa kudzatenga zovala zawo. Kenako anapereka foni kwa mayi ake.

"Bambo a Ndaziona, sindinakwiye ayi," anatero Nangozo. "Ndangotopa. Kuno ndimadzuka dzuwa litatuluka, ndipo palibe chimene chimagwa."

Chidothi anachita mantha. Anali asanaganizepo kuti angakalambe yekha m'nyumba imene anaimanga anthu awiri. Ankamudziwa mkazi wake kuti salankhula zoopseza. Chimene wanena amachita. Anatsala ndi masiku asanu ndi anayi. Ndipo tamvani nzeru yoyamba imene inamubwerera. Anaganiza zowonjezera mwambo wake, kuti azikhala chete maola awiri m'malo mwa limodzi, aziimba nthawi yaitali, mwina mtima wa mayiyo ungatembenuke. Tsiku lonselo anaunjika zina pamwamba pa ndondomeko ija, mpaka katoni inadzaza mbali zonse ziwiri.

M'mawa mwake anagwada monga mwa masiku onse, nayamba malonjezo asanu. Loyamba linadutsa bwino. Atafika pa lonjezo la kusatenga chimene sanapatsidwe, lilime linaima. Mawuwa anali atawanena kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ankaganiza za nkhuku ya mwini, kapena thabwa lotsala pa ntchito ya munthu. M'mawa umenewo anaganiza za tulo ta Nangozo. Ndani anamupatsa tulo timeneto? Ndani anamupatsa macheza a madzulo a ku mjigo, ndi nyimbo za pa wailesi? Sanapemphe. Anangolemba pa katoni, ndipo mayi uja anasenza zimene zinalembedwazo. Anayang'ana makapu aja. Zaka zitatu ankathiramo madzi akumva kukoma kwa munthu wopatsa. Koma gawo lake pa madziwo linali mapazi asanu ndi limodzi, kuchokera pa mtsuko kufika pa shelefu. Manyazi anamugwira kwambiri, ndipo sanathe kumaliza malonjezo otsalawo.

Anadzuka, natuluka, natenga ndowa.

Tsono inu mukudziwa mmene zimakhalira kumudzi, ndipo abambo a kumbuyoko musayang'ane pansi. Mwamuna akafuna madzi amamangirira zigubu panjinga, ndipo anthu amati akugwira ntchito. Koma mwamuna wa imvi akasenza ndowa pamutu, anthu amati mkazi wake anamudyetsa mankhwala. Njinga ya Chidothi inali itagona m'shedi zaka ziwiri, yopanda tcheni. Anayenda wapansi, ndowa ili m'manja, akudutsa makomo a anthu amene ankabwera kwa iye kudzafuna nzeru.

Ku mjigo anapeza amayi oposa khumi, ndowa zawo zili pamzere. Atamuona, macheza anaduka. Mmodzi anathamanga kuti amulandire ndowayo. Wina anati bambo atunge msanga, asaime ndi azimayi. Chidothi anathokoza, nakana. Anaika ndowa yake kumapeto kwa mzere n'kuima pambali pake. Kuzizira kunamulowa m'mafupa. Anaona kuti mzere umayenda pang'onopang'ono, kuti chigwiriro cha mjigo n'cholimba, ndiponso kuti amayi ena anali kale paulendo wachiwiri. Nthawi yake itakwana anapopa mpaka mapewa anawawa. Nasiyaya, yemwe anali pomwepo, anamupindira nkhata ya kansalu, ndipo amayi awiri anamusenzetsa. Atangoponya phazi loyamba madzi anakhavukira kumsana. Apo ndiye chiseko chinaphulika, ndipo iye anaseka nawo, poti panalibe chinanso chochita.

Pa kamtunda paja anakumana ndi mnzake wakale wa pamowa akupita kumunda, khasu lili paphewa.

"Achimwene, akudyetsani chiyani?"

"Palibe, achimwene. Ndangochedwa kuyamba."

Anafika kunyumba ndi theka la ndowa, malaya atanyowa, khosi likuyaka moto. Anakhala pakhonde mpaka mpweya unabwerera. Kenako analowa m'chipinda chija, nayang'ana makapu asanu ndi awiri. Anatenga imodzi, naitsuka, naidzaza, naiika pamaso pa Buda. Kanali koyamba kupereka madzi akudziwa kulemera kwake. Makapu otsalawo anakawaika kukhitchini kuti anthu azimwera.

Anachotsa katoni ija kuchitseko, natenga pensulo yake yolembera pa matabwa. Pa chinthu chilichonse ankadzifunsa funso limodzi: ichi ndingachichite ndi manja anga tsiku lililonse, wina osadzuka chifukwa cha ine? Chimene sichinadutse funsolo anachikhwatcha, ndipo zambiri zinagwa. Maluwa anati aziika pokhapokha akawapeza panjira. Kuwerenga anakusunthira madzulo, ntchito ya m'shedi ikatha. Zosamba thupi lonse asanagwade anazisiya. Ankangosukusula ndi kusamba m'manja. Ola lathunthu lija linafupika, chifukwa tsopano ankatereka yekha madzi oti asambe akamaliza mwambo, n'kukhala chete akutsatira mpweya mpaka madziwo atayamba kulira pamoto. Kugwada katatu anakusunga. Malonjezo asanu anawasunganso, koma ankawanena pang'onopang'ono, akuima pa lililonse kuti aone ngati dzulo analikwanitsadi. Kufunira zamoyo zabwino anakusamutsira ku mjigo. Ali pamzere ankayamba ndi mayi wa kutsogolo kwake, kenako wa kumbuyo, kenako uja wokonda kulowetsa ndowa yake pakati, amene anali wovuta kumufunira zabwino kuposa zamoyo zonse zosaoneka. Madzulo ankatenga kapu ija n'kukathira madziwo pa mpiru wa Nangozo kuseri kwa nyumba, akudzifunsa kuti lero walemetsa ndani.

Tsiku lachiwiri linali lovuta kuposa loyamba. Khosi linali litauma, mutu sunkatembenuka, ndipo bulangeti linkamunyengerera kuti Nasiyaya abwera ndi ndowa yake dzuwa likakwera. Anakumbukira kuti mayi amene anasenza zaka zitatu analibe womutungira wotero. Anadzuka, napita.

Chodabwitsa n'chakuti mwambo wochepawu unamukomera kuposa wakale. Nkhuku zinkalira, anthu ankaitanizana panjira, koma mtima wake unkakhazikika msanga, ngati wa munthu amene watuluka kale thukuta. Pofika tsiku lachinayi amayi a ku mjigo anatopa ndi kumuseka, ndipo macheza awo anabwerera. Kumeneko anamva zimene m'chipinda chake sakanazimva: kuti uje akudwala, kuti chitseko cha nkhalamba ina ya kumapeto kwa mudzi sichitsekeka chiyambire mvula ya chaka chatha. Anapita kukachikonza masana omwewo. Madzi otayika panjira ankachepa tsiku ndi tsiku.

Kangapo konse anagwira foni kuti auze Nangozo zimene akuchita. Koma anaona kuti kumeneko kukanakhala kutchera msampha, osati kulapa. Khosi linali la mayiyo, ndipo ngati kupola kwake kunali kutauni, iye analibe mphamvu yomuletsa. Mtima unkamupweteka akaganiza zimenezi. Komabe anatulutsa bokosi lakale la Nangozo, limene chivundikiro chake chinathyoka kalekale ndipo iye ankangoti adzalikonza. Mmisiri amakonza za anthu onse kupatula za m'nyumba mwake, izi mukuzidziwa. Analikonza Lachisanu, nalipaka vanishi, naliika pabalaza kuti mwini wake akabwera apeze molongedzamo zovala.

Loweruka masana Nangozo anafika pa kabaza, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Anauza wakabazayo kuti adikire pamthunzi, sachedwa. Njira yochokera kumsewu imadutsa ku mjigo, choncho nkhani yonse anali ataimva kale, ndi zowonjezera zomwe. Analowa m'nyumba. Anavundukula mtsuko, napeza uli wodzaza. Pansi panali posesedwa, ngakhale m'makona tsache silinafikemo. Kukhitchini anapeza makapu agalasi aja, ina ili ndi madontho a tiyi. Anasuzumira m'chipinda, naona kapu imodzi yokha. Pomaliza anaima pa bokosi lija, nalitsegula ndi kulitseka kawiri.

Chidothi anamupatsa moni, nafunsa za mdzukulu. Kenako anazungulira kuseri. Atabwerako anagwada chapatali pang'ono monga amachitira amayi, mawondo akulira, nati:

"Amake Ndaziona, madzi ali kubafa."

Zaka makumi atatu ndi zitatu mawu amenewo ankachokera mbali imodzi yokha. Nangozo anamuyang'ana. Kenako anatenga chitenje chake n'kupita kukasamba. Madziwo anali otentha mopitirira ndipo ankanunkha utsi, koma anasamba onse.

Atatuluka anakhala pakhonde, ndipo mwamuna wake anakhala pambali pake. Ulendo uno sanafotokoze tanthauzo la chinthu chilichonse.

"Ndinakutengerani tulo tanu osapempha, zaka zitatu," anatero. "Kubweza sindingathe. Bokosi ndalikonza. Mukafuna kupita, ndilinyamula ndine mpaka kumsewu. Mukakhala, ndowa ndi yanga."

"Yanu masiku angati?"

"Khosi likadzakana ndidzakonza njinga. Njinga ikadzakana, Buda adzalandira madzi ogona."

Nangozo anaseka, chiseko chake chenicheni chimene mwamunayo anali atachiiwala. Anapukuta maso ndi chitenje. Anati amayi a ku mjigo amuuza kuti bamboyo akasenza ndowa amayenda ngati munthu woponda minga, choncho mawa amuonetsa kayendedwe kake, koma iye mwini sasenza kanthu, angoyenda pambali. Atatero anaimirira, naitana wakabaza uja kuchokera pamthunzi. Anamupatsa madzi akumwa, namuuza kuti abwerere yekha. Bokosi lija analibwezera kuchipinda lopanda kanthu.

Abale anga, mwandifunsa kuti mukonze bwanji mwambo wa tsiku ndi tsiku kunyumba kwanu, inu amene simuli amonke, amene muli ndi minda, ntchito ndi mabanja. Ena mwafunsa za makapu, ena za maola. Nyumba yanu si kachisi, ndipo amene mumakhala nawo sanalonjeze kukutumikirani panjira imene munasankha nokha. Kapu imodzi, kugwada katatu, malonjezo asanu onenedwa moona mtima, ndi kukhala chete kwa nthawi imene muli nayodi, n'zokwanira kuyamba nazo. Zikafuna kukula, zikulire pamsana panu. Koma mawa, musanagwade, yambani mwayang'ana amene wadzuka inu mukadali m'tulo, muone chimene wasenza. Ngati mtendere wanu wakhala pamutu pake, pitani mukamulandire kaye. Mukatula, bwerani mudzakhale pansi.